Tinakhoza V = IR pa mayeso, koma waya ukupsa kwa amalume

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Nkhotakota, kunyumba kwa amalume anga amene ali ndi chilimira kufupi ndi Chia. Lamlungu lina madzulo msuweni wanga anafuna kusita yunifomu. Makala anali atatha, ndiye anatenga simbi yamagetsi imene mlendo wina anasiya n'kuilumikiza ku invata. Sipanadutse mphindi ziwiri, nyumba yonse inadzaza fungo la pulasitiki. Waya wochoka pa batire kupita ku invata unali utasungunuka, utsi uli tolotolo, ndipo pambali pake penipeni panali chigubu cha petulo wa injini. Azakhali ndi amene anachita changu, anakokera chigubucho panja, amalume n'kuzula wayayo ndi chikwanje.

Zitazizira, amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu a ku yunivesite, tatiuzeni. Magetsi a batire sagwira munthu, ngakhale mwana amawakhudza. Nanga awotcha bwanji waya?"

Ine amene ndinakhoza bwino Fizikisi pa MSCE ndinangoti, "Mwina wayayo ndi wafeki, amalume." Anaseka pang'ono n'kutuluka. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene andilembetsa nkhaniyi, ndipo sindikulemba kuti ndidandaule za boma. Ndikulimbana ndi ife tomwe, ophunzira ndi omaliza maphunziro, amene tinaloweza masamu a magetsi kuti tikhoze mayeso, tikatero n'kuwasiya m'holo momwemo pamodzi ndi pepala la mafunso.

Yankho la funso la amalume linali m'mizere iwiri imene aliyense wa ife analembapo mu kope la Fomu 3. Woyamba: P = V × I, kutanthauza kuti mphamvu imene chipangizo chikudya, ma watts, ndi ma volts kuchulukitsa ndi ma amps. Wachiwiri: V = I × R, lamulo limene Georg Ohm anasindikiza mu 1827. Munthuyu anali mphunzitsi wa sukulu ku Cologne, sanali mwini fakitale. M'Chichewa chathu tinganene kuti ma volts ndi kukankha, monga madzi a m'thanki yokwezeka amakankhira mu paipi. Ma amps ndi kuchuluka kwa zimene zikudutsa mu paipimo pa kanthawi. Ma ohms ndi kukaniza kwa njirayo: paipi yopyapyala ndiponso yaitali imakaniza kwambiri.

Tsono tiyeni tiwerengere simbi ija. Kunsi kwake analemba 1,000 watts. Mukailumikiza ku magetsi a ESCOM a 230 volts, mugawe 1,000 ndi 230, mupeza 4.3 amps. Waya wamba wa m'nyumba amanyamula zimenezo osamva kanthu. Koma batire lili ndi 12 volts basi. Kuti litulutse 1,000 watts yomweyo, gawani 1,000 ndi 12: ndi 83 amps, osawerengera zimene invata imadya payokha. Kukankha kukachepa, zodutsa ziyenera kuchuluka kuti ntchito yomweyo igwirike.

Waya umene anatimangirira unali wa 1.5 mm², womwe uja amayalira mababu. Waya wa kopa wotere uli ndi pafupifupi 0.012 ohms pa mita imodzi. Kupita ndi kubwera anali mamita awiri, ndiye tinene 0.023 ohms. Kanambala konyozeka. Koma mukaphatikiza mizere iwiri ija mupeza wachitatu: kutentha kwa mu waya ndi I × I × R. Amene anatsimikiza zimenezi ndi James Joule wa ku Salford, kufupi ndi Manchester, cha m'ma 1840. Onani kuti ma amps akuwerengedwa kawiri. Ndiye 83 kuchulukitsa ndi 83 kuchulukitsa ndi 0.023 ndi pafupifupi 160 watts, yonseyo ikuthera mu kachingwe ka mamita awiri kokutidwa ndi pulasitiki. Waya womwewo ukananyamula 4.3 amps, kutentha kwake sikukanafika ndi theka la watt imodzi. Ma amps anakwera ka 19, kutentha kunakwera kuposa ka 350. Wayayo sanali wafeki ayi. Anangosenzetsedwa katundu wa waya wonenepa ngati uja wa pa batire la galimoto.

Ndiye bodza loyamba limene tiyenera kulizula kwathu ndi lakuti magetsi a batire ndi magetsi achibwana. N'zoona kuti 12 volts sikankha mokwanira kudutsa pa khungu louma, n'chifukwa chake sikugwira. Koma moto suyamba ndi ma volts, umayamba ndi ma amps. Kuti mumvetse kukula kwa 83 amps, taganizani za malo opangira magetsi a dzuwa amene ali ku Nkhotakota konkuno, a 21 megawatts. Mphamvu yonseyo itakwezedwa pa 132,000 volts n'kugawidwa pa mawaya atatu monga amachitira pa mizere ikuluikulu, waya uliwonse unganyamule ma amps ongopitirira pang'ono 90. Ndiye kuti kawaya ka pa batire la amalume kanali kunyamula pafupifupi mofanana ndi chingwe chimene chingathe kudyetsa tauni. Ichi ndi chifukwa chake ESCOM imakweza ma volts ikamatumiza magetsi kutali, ndiponso chifukwa chake mzere wa Phombeya kukafika Nkhoma anaumanga wa 400,000 volts. Akatswiri amaopa I × I × R. Amalume anga, amene alibe wowawerengera, amagona nayo m'chipinda.

Wina anena kuti nkhani ya simbi ndi ngozi ya kamodzikamodzi. Chabwino, tiyeni tipite kudooko, kumene kuwerengera kumeneku kumadya ndalama usiku uliwonse. Amene anakulira m'mbali mwa nyanja akudziwa kuti usipa amaukopa ndi kuwala mwezi ukakhala kumdima. Kale asiginala ankanyamula nyali zopopa za palafini. Lero ambiri asintha, akugwiritsa ntchito mababu a LED ndi batire. Amalume ali ndi nyali zinayi, iliyonse ya 30 watts. Zonse pamodzi ndi 120 watts, ndipo pa 12 volts ndiye 10 amps. Batire lawo analilemba 100 Ah, kutanthauza 10 amps kwa maola 10. Iwo amakhala panyanja maola 8, ndiye ankaona ngati zikukwanira. Koma batire la asidi silifuna kukamidwa kupyola theka tsiku ndi tsiku. Mwa 100 Ah, zimene mungatenge popanda kulifupikitsa moyo ndi pafupifupi 50, amene ndi maola 5. Amalume ankatenga 80 usiku uliwonse.

Masana ankalitchaja ndi panelo ya sola imene kutsogolo kwa katoni yake kunali 200W wa zilembo zikuluzikulu. Nditaitembenuza, pa kapepala ka kumbuyo panali manambala awiri ang'onoang'ono: 18 volts ndi 5.5 amps. Chulukitsani nokha. Ndi 99 watts. Panelo ija inali kudziulula yokha kuti ndi ya theka la zimene wogulitsa ananena, koma panalibe woiwerenga. Tikaipatsa maola asanu a dzuwa lamphamvu, ibweza pafupifupi 500 watt-hours patsiku, mwinanso kucheperapo. Nyali zija zimadya 120 kuchulukitsa ndi 8, ndiye 960. Nkhokwe imene mukutapamo ndowa ziwiri n'kubwezeramo imodzi sichedwa kuoneka pansi. Amalume anali atagula mabatire atatu pa zaka ziwiri, ndipo lililonse likafa mlandu unkagwera batire, kapena mnyamata amene ankalinyamula, nthawi zina mpaka kukayikira anzawo a padooko kuti akuwachita chipongwe.

Chomaliza chinali nyali ziwiri za ku thandala, kumene azakhali amayanika usipa. Zinkawala mofooka ngati kandulo, ndipo anali atasintha mababu kawiri. Thandala lili mamita 10 kuchoka pa batire, ndipo analumikiza ndi waya wa sipika, wa 0.5 mm². Kupita ndi kubwera ndi mamita 20, amene ndi pafupifupi 0.7 ohms. Nyali ziwirizo zimafuna 5 amps. V = I × R ikutiuza kuti 3.5 volts ikuthera m'njira, ndiye ku nyali kukufika zongopitirira 8. Atayika waya wa 2.5 mm², zotayika zimatsika kufika pa 0.7 volts. Vuto limene analilipirira mababu atsopano kawiri linali la waya.

Zitsanzo zitatu, nyumba imodzi, ndipo palibe chimene chikufuna masamu opyola a Sitandade 6. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndi zimene zimawunikira magetsi a ESCOM, pamene zoposa theka zimadalira mabatire ndi matochi. Ndiye kuti kwa Amalawi ambiri, kampani ya magetsi ndi iwo eni. Iwo ndi amene amasankha waya, amasankha batire, amalumikiza okha. Mzinda uli ndi mainjiniya owerengera. Mudzi uli ndi ife, ana amene anagulitsira usipa kuti tipite kusukulu, ndipo tikafika patchuthi ntchito yathu ndi kufunsa pamene tingatchaje foni.

Ndikudziwa zimene anzanga ena ayankhe, chifukwa ndakangana nawo kale ku hosteli.

Oyamba amati imeneyi ndi ntchito ya MBS ndi MERA: aletse katundu wachinyengo kulowa m'dziko, apereke ziphaso kwa amisiri odziwa ntchito. Ndikuvomera, ndi ntchito yawodi, ndipo tiziwakumbutsa. Koma tinene zoona. Ngakhale katundu yense wa m'sitolo atakhala weniweni, waya weniweni wa 1.5 mm² adzapsabe mukamudutsitsa 83 amps. Batire lenileni lidzafabe mukamalikama usiku uliwonse. Palibe woyendera wa boma amene adzakhale m'nyumba iliyonse ya ku Sani, ku Lozi kapena ku Dwangwa pa ola limene mwana akulumikiza simbi. Kuloza chala ku Lilongwe n'kokoma chifukwa kumatichotsera ife ntchito.

Achiwiri amati vuto ndi umphawi: anthu amagula waya wopyapyala chifukwa wonenepa ndi wodula. Mfundo imeneyi ili ndi mafupa, sindikuinyoza. Koma werengani ndalama za mabatire atatu aja muyerekeze ndi mtengo wa mamita awiri a waya wonenepa ndi fyuzi imodzi. Wosauka ndi amene kuwerengera kumamupindulira koposa, chifukwa alibe ndalama yogulira chinthu kawiri. Komanso masamuwa sanena kuti gulani zodula basi. Nthawi zina amanena kuti sunthani batire liyandikire, waya afupike. Nthawi zina amanena kuti zimitsani nyali ziwiri pamene mukupalasa kupita kumalo. Nthawi zina amangonena kuti simbi, ketulo ndi chilichonse chotenthetsa si za pa batire, bwererani ku makala. Malangizo amenewa ndi aulere.

Achitatu ndi amene amandikwiyitsa. Amati anthu akumudzi sangamve za ma ohms. Amene amanena zimenezi sanaonepo m'mawa padooko. Amalume anga analekeza Sitandade 5, koma amawerengera pamtima zigoba za usipa, kuchotsa za petulo, kuchotsa za chilimira, kugawa zotsala kwa anyamata khumi, ndipo palibe amene amawapusitsa ndi tambala imodzi. Amadziwa malita amene injini imamwa pa ulendo kukakhala mwera ndi kukakhala bata. Kuchulukitsa ndi kugawa amakudziwa kuposa ine. Chimene sanauzidwe ndi chakuti manambala a pa batire ndi pa babu nawonso amachulukitsidwa. Ndinawauza kuti, "Amalume, batire ndi thanki ya petulo, Ah ndi malita ake, ma amps ndi kamwedwe ka injini, koma thanki imeneyi musamaitsitse kupyola theka." Anandidula pakamwa: "Ndiye nyali zinayi ndi maola asanu basi." Sizinatenge ndi mphindi zitatu. Amene tinalephera ndi ife, chifukwa tinaphunzira zinthuzi m'Chingerezi, pa chithunzi cha timabokosi totchedwa R1 ndi R2, osaganizako kuti R ndi waya uja wapachikidwa pa mtengo wa mango kwathu.

Apa aphunzitsi amtsogolo, inu amene mukuchita maphunziro a zauphunzitsi, mundimve. Funso lakuti pezani R pamene V ndi 12 ndipo I ndi 2 limatulutsa ana odziwa kuti yankho ndi 6, koma osadziwa kuti 6 wa chiyani. Sukulu zambiri zilibe labotale, n'zoona, koma pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi panelo ya sola, batire ndi tchaja ya foni, ndipo chilichonse mwa zimenezi chili ndi kapepala ka manambala. Tumani ana akakopere manambalawo kunyumba. Tchaja yolembedwa 5 volts ndi 2 amps ndi ya 10 watts. Ketulo ya 2,000 watts pa 230 volts imakoka 8.7 amps, ndipo chitsulo chake chotenthetsa chili ndi 230 kugawa ndi 8.7, pafupifupi 26 ohms. Ikayaka theka la ola yadya yunitsi imodzi, chifukwa yunitsi ndi 1,000 watts kwa ola limodzi. Mwana amene wawerengera ketulo ya kwawo sadzaiwala lamulo la Ohm.

Ndipo tisanaseke akumudzi, tiyang'ane m'zipinda zathu. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito muno m'Malawi imakhala ndi fyuzi yosapyola 13 amps. Chulukitsani ndi 230, mupeza pafupifupi 3,000 watts. Amenewo ndiye malire a ekisitenshoni yonse, osati a bowo lililonse, ndipo zotchipa zambiri sizifika n'komwe pamenepo. Koma m'chipinda cha ophunzira mupeza hotipuleti ya 2,000 watts ndi ketulo ya 2,000 watts pa ekisitenshoni imodzi, zimene ndi ma amps oposa 17. Fyuzi ikapsa, katswiri wa m'chipindamo amakulunga kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, anzake n'kumuombera m'manja. Fyuzi ndi kawaya kamene anakapanga dala kuti kazifa m'malo mwa nyumba. Mukakapha mphamvu, wofooka wotsatira ndi waya wa pansi pa matiresi anu. Tikuchita zimenezi tili ndi masatifiketi a Fizikisi m'chikwama.

Sindikunena kuti aliyense asanduke wamagetsi. Mawaya a 230 volts amapha, ndipo kuyala magetsi m'nyumba ndi ntchito ya munthu amene anaiphunzira ndiponso ali ndi chiphaso. Amisiri ambiri a m'matauni athu ang'onoang'ono ali ndi luso la manja limene ine ndilibe. Chimene ndikunena n'chakuti wogula aziwerengera, ndipo ngati sangathe, mwana wake wa kusukulu amuwerengere. Safunsa anadya phula, koma kwathu amalume anafunsa, ndipo wofunsidwayo ndi amene analibe yankho.

Ndiye pempho langa kwa inu amene mukupita kwanu tchuthi chikubwerachi ndi laling'ono. Tembenuzani panelo, chulukitsani manambala awiri aja, muone ngati akugwirizana ndi zimene analipira. Phatikizani ma watts a zonse zimene zimayaka usiku, gawani ndi 12, chulukitsani ndi maola, muone ngati zikupyola theka la Ah ya batire. Gwirani waya zinthu zikuyaka: akafunda, ndi wopyapyala. Palani kansonga kake ndi mpeni: mkati mukakhala moyera, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, ndipo amakaniza magetsi kuposa kopa weniweni pafupifupi kamodzi ndi theka. Yang'anani ngati pali fyuzi pafupi ndi batire penipeni, chifukwa batire limene mawaya ake agundana limatha kutulutsa ma amps mazanamazana. Ndipo mukatero, musangokonza n'kuchoka. Fotokozani m'chinenero chimene munayamwira, mpaka mwini nyumba athe kuwerengera yekha inu mutabwerera kusukulu.

Kwa amalume tinachita zochepa chabe. Tinagula waya wonenepa wa mita imodzi ndi theka kwa wokonza magalimoto pa boma, tinayika fyuzi, chigubu cha petulo chinasamukira ku kanyumba ka panja, ndipo simbi ija anaitsekera m'sutikesi. Panelo yachiwiri ikudikira usipa ugwidwe bwino. Sabata yatha anandiimbira ali m'sitolo ina. Wogulitsa ankawaonetsa panelo ya 300W pamtengo wabwino kwambiri. Ndinamva akumuuza kuti, "Tatembenuzani kaye, achimwene." Kenako anandiwerengera manambala, 18 ndi 8.3, ndipo ndisanatsegule n'komwe kakyuleta anati, "Imeneyi ndi ya handiredi fifite. Ndikupita kwina."